Kambalame ka Mchira Woyera Katsika Phiri

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tadzuka. Bambo akudya bwino, kungoti maso aja ng'ala yatsekeratu, akungoona kuwala basi.

Achimwene, ndalakwitsa, ndipo ndi bwino mumve kwa ine.

Lachiwiri ndinkachapa pampopi, bambo ali pakhonde ndi wailesi yawo. Ndinangoona azimitsa, atchera khutu. Anati ndisiye kukhuvula madzi, pawaya woyanika zovala pali mlendo. Kuyang'ana, kambalame kochepa kwambiri. Kankauluka pang'ono, kuwakha ntchentche m'malere, n'kubwerera pomwepo, mchira katatambasula ngati chokupizira.

Mukudziwa mmene anatilerera. Zaka makumi atatu akulondera nkhalango ya kuphiri, ife tikuwanyamulira kabuku ka mbalame, lamulo linali limodzi: nena chimene waona, usawonjezere, usachotsere. Inu munkathawa, ine ndiye zinandilowa m'magazi.

Anayamba kufunsa ngati kale. Mutu? Ndinati wakuda, wa katsumba. Mchira? Wautali, nthenga za m'mbali zoyera. Kenako anafunsa ngati msana wake ndi wa buluu kapena wotuwa.

Ine ndinkadziwa bwino kuti ka buluu kaja kamapezeka ngakhale m'mitengo ya pakhomo. Ndikanangoti buluu, akanayatsanso wailesi yawo. Koma pakamwa panga, mayo ine, panatsogola, nzeru n'kutsalira m'mbuyo. Ndinati wotuwa modera.

Kenako anati:

"Kameneko sikatsika phiri. Kamabadwira mumthunzi, kamafera mumthunzi. Ukakaona pawaya wa m'tauni, ndiye kuti kwawo kulibe."

Ndinayesa kunena kuti mwina ndi mphepo yakabweretsa. Anandifunsa ngati anandiphunzitsa ndi iwo kapena munthu wina.

Lachinayi timbalameto tinabwera tiwiri. Dzulo tinali tinayi, tikulimbirana ntchentche za mungalande, milomo tayasamula ndi kutentha. Kamodzi mphaka wa aneba anakagwira. Bambo anaitanitsa kamtemboko, anakapapasa ndi zala kuyambira katsumba mpaka kumchira, n'kukaika m'thumba la malaya. Mpaka pano kali momwemo.

Zotsalazo inu ndi ine tikuzidziwa. Makina ocheka matabwa munatumiza aja, kuti alamu anu apeze chochita, akulira kuphiri komweko chaka chathunthu tsopano. Bambo timawauza kuti mkamwini wawo akugwira ntchito pagalaja. Chigwa chija cha mitengo ikuluikulu, pamene ankatimwetsa madzi a pakasupe ndi chipewa chawo, patsala zitsa zokhazokha. Ocheka ndi ambiri, inde, koma ana anga adya za mitengo imeneyo, ndipo ine ndinkaphika osafunsa.

Dzulo madzulo alamu anu ataweruka anakawapatsa moni. Bambo sanawasiye dzanja. Anakoka mkono wa malaya, ananunkhiza, n'kufunsa mwaulemu kuti galaja yake ndi iti imene imanunkha utuchi wauwisi. Alamu anu, munthu wamkulu uja, analowa kuchipinda osadya.

Lero m'mawa bambo ndawapeza akupukuta majombo awo akale, chipewa cha ntchito chili pabondo. Akuti Loweruka likubwerali tiwatengere kuphiri. Ndawakumbutsa za kuthamanga kwa magazi, ndi zimene adokotala ananena, kuti asamve zodzidzimutsa. Ndafika powafunsa kuti maso alibe, akaonako chiyani. Yankho lawo ndi ili:

"Maso sindikuwafuna. Ndikakaima pakasupe paja, dzuwa n'kundiwotcha pamutu, ndidziwa. Uwauze achimwene ako abwere adzandigwire dzanja. Amene anagula makina, njira ayenera kuidziwa."

Dzina lanu sindinalitchule, achimwene, ndikulumbira. Anangowerengera okha kuti m'banja muno angakwanitse makina otere ndani.

Ndili ndi mantha. Ndikawakaniza, apita okha ndi ndodo, mukuwadziwa. Ndikawatengerako, sindikudziwa ngati nditsike nawo akuyenda. Chonde kwerani basi ya Lachisanu. Musatumize ndalama, bwerani inuyo. Katundu uyu tinamanga tonse, sindingasenze ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni panjira.

Pamene ndikupinda kalatayi, pawaya patera tisanu. Bambo andifunsa kuti tilipo tingati, ndipo ndawauza zoona.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira