Chikwakwa Chonoledwa Kumanzere

Limbe,
9 Juni 1974.

Wokondedwa mlongo wanga Rosina,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Mwayako. Mwendo wa Ama uli bwanji? Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa kuno kwandipatsa chifuwa, ndipo usipa wa pamsika wa Limbe ndi mitu yokhayokha. Kalatayi sindinaponye ku positi, ndapatsira a Davis akalaliki amene akubwera pa sitima. Ukawerenga uitenthe.

Kalata yako ndinalandira, koma yandisowetsa mtendere. Ukundithokoza kuti ndinatuma munthu woti azitchetcha thengo pakhomo. Ukuti Lamulungu lililonse mukamachokera kutchalitchi mumapeza udzu uli pansi, njira ya kunyanja italambulidwa, makasu ali m'mipini yatsopano. Rosina, ine sindinatume munthu aliyense.

Ndawerenga kangapo pamene unalemba moseka kuti alamu anatenga chikwakwa chija chili waliwali, koma udzu unkangogona osaduka, mpaka iwo anati wantchito wangayo ndi mbuli, wanola mbali yolakwika. Si umbuli umenewo. Ndi momwe amanolera munthu wamanzere. Kwathu wamanzere anali mmodzi yekha, ndipo ukukumbuka momwe Ada ankawakalipira achimwene athu a Cyrus chifukwa chowaonongera zikwakwa.

Chaka chija anthu a boma atawatenga pa galimoto kusukulu komwe ankaphunzitsa, tinadikira miyezi isanu. Kenaka anatibweretsera bokosi lokhomedwa kale, natiuza kuti tisatsegule. Tinaika maliro osaona nkhope. Ine ndinanyamula nawo chakumutu, ndipo mpaka lero sindinauzepo munthu kuti bokosilo linali lopepuka.

Tsono iwe ukuti kuseri kwa nyumba, pamanda a Ada ndi a Gogo m'poyera ngati pabwalo, koma pa a Cyrus udzu wasiyidwa wofika m'chiuno. Ukuti ndi ulesi. Koma kodi munthu angalambule manda ake omwe?

Pempho langa nali. Aliyense akafunsa, kaya ndi apampando a chipani, kaya anzako a kumvano, uzingoti wantchitoyo ndi wa Reuben. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ama asatsale pakhomo Lamulungu kuti amuthokoze monga akufunira. Chilichonse chimene angaone, mtima wawo sungapirire. Iweyo popita kutchalitchi uike kondowole ndi usipa m'mbale yovundikira, pafupi ndi mwala wonolera.

Poyankha usalembe zambiri. Ungondiuza ngati mbaleyo waipeza yopanda kanthu, kapena ili momwe unaisiyira. Zonse ziwiri ndikuziopa, koma Mulungu akudziwa chimene ndikupempha.

Undiperekere moni kwa Ama, kwa alamu, kwa azakhali a Lucia ku Chikale ndi ana onse. Moni winanso apite kwa amene akutisamalira pakhomopo, koma usamuitane dzina.

Ine mlongo wako,
Reuben