Tauni Yomwe Kanjuchi Anabadwira

Loweruka

[08:14] Amake Kanjuchi: tatsika. tili pa depoti, benchi ya pafupi ndi zimbudzi. mwana wavala diresi yachikasu, simungamuphonye

[08:31] Amake Kanjuchi: bambo a Kanjuchi, muli pati?

[08:47] Bambo a Kanjuchi: sorry ndinali pa call. abwana andituma kunja kwa tauni mwadzidzidzi, nde galimoto ya kampani yandifera panjira. ndifika cha mma 11

[08:48] Amake Kanjuchi: loweruka?

[08:49] Bambo a Kanjuchi: ntchito sidziwa loweruka. yambani kuzungulira, ndikupezani. mumpatse moni Kanjuchi wanga 🐝

[08:52] Amake Kanjuchi: munamulonjeza nokha kt akakhoza mayeso mudzamuonetsa tauni yomwe anabadwira. ine sindinalonjeze munthu. ndachoka pa shift ku bekale kulunjika mu bus, ufa uli mu tsitsi sindinausase nkomwe

[08:53] Amake Kanjuchi: yobwerera ndi ya 4. palibe ina

[09:24] Amake Kanjuchi: [chithunzi]
mlatho wa oyenda pansi uja. anaupenta green. akungokwera nkutsika ngati mbuzi. akuti akukumbukira kt munkamunyamula pakhosi kt aone magalimoto pansi. sangakumbukire, anali kakhanda, anangoona pa chithunzi chija

[09:26] Amake Kanjuchi: ndamuuza kt ndinu mwati tiyambire pano. mukafika musanditsutse

[10:03] Amake Kanjuchi: kasupe wa pa roundabout anauma. mwadzaza mabotolo, ndipo wina wayalamo katoni wagona. mwana ndinamuuza mu bus kt madzi ake amafika mmwamba kuposa nyumba. pano akundiyang'ana ngati ndine wabodza

[10:19] Amake Kanjuchi: studio yomwe tinajambulitsa chithunzi cha ukwati pano amagulitsamo ma cover a foni. zayenera

[10:52] Amake Kanjuchi: 🎤 mawu 0:41
"Tili ku museum. Sitima yakale ija ikadalipo, walowa kutsogolo kwa dalaivala sakufuna kutuluka. Tamverani, mwanayu tikangomaliza malo amodzi akumandifunsa kuti adadi ati tipite kuti tsopano. Ine ndikumatulutsa foni, ndikumayang'ana pa screen yopanda kanthu, ndikumawerenga zam'mutu mwanga. Ndiye mundithandize. Mumutumizire mawu, ngakhale achidule, amve kuti mulipo. Miyendo yanga yatupa, zopeka nkhani zandikwana."

[11:15] Amake Kanjuchi: 11 yadutsa

[11:44] Bambo a Kanjuchi: makanika sanafikebe. mwina 1. vn ikukana, network kuno ndi yovuta

[11:45] Amake Kanjuchi: network yosankha. zilembo ikulola, mawu ikukana

[12:10] Amake Kanjuchi: [chithunzi]
chipatala. ndamuonetsa windo la ward yomwe anabadwira. benchi ya panja ija ikadalipo, yomwe munagonapo nkumaliza nkonono ine ndikufa mkatimo. iye ndamuuza kt munaima pakhomo mpaka kunacha. wakhala pabenchipo akuti ndimujambule kt ndikutumizireni. ndi icho

[12:48] Amake Kanjuchi: tikudya chips kuseri kwa positi. wakusungirani soseji yake mu pepala. mchikwama mulinso banzi lomwe anaumba yekha dzulo ku ntchito kwanga, likuoneka ngati nsapato koma mudzaliyamikire

[13:06] Amake Kanjuchi: 1

[13:29] Amake Kanjuchi: akuti aone flat yathu yakale. ndakana, walira pakati pa anthu, nde tikupita. tingoona panja poti inu mulibe

[13:29] Bambo a Kanjuchi: ayi ku flat musapite

[13:30] Bambo a Kanjuchi: msewu wa kumeneko akukonza, fumbi lokhalokha. pitani ku park, ndikupezani komweko

[13:30] Amake Kanjuchi: network yachira

[13:31] Bambo a Kanjuchi: amake Kanjuchi plz

[13:33] Amake Kanjuchi: takwera kale

[14:02] Amake Kanjuchi: msewu palibe amene akuukonza

[14:04] Amake Kanjuchi: [chithunzi]
khonde lathu. makatani ndi omwe aja ndinasoka ine

[14:05] Amake Kanjuchi: matewera ali pachingwewo ndi a ndani?

[14:06] Amake Kanjuchi: ndi timalaya. ta mwana wa mwezi umodzi kapena iwiri, ndinabereka ine ndikudziwa

[14:13] Amake Kanjuchi: 🎤 mawu 0:36
"Mayi a golosale ya pansi aja andizindikira. Andikumbatira, akuti aaa mwachita bwino kubwera kudzaona khanda, ndinu a mtima wabwino inu. Akuti bambowo angokwera kumene ndi paketi ya sopo. Angokwera kumene. Ine ndangoseka ngati chitsiru, ndati inde tabwera. Mwayi wake mwana anali pa geti akusewera ndi mphaka, sanamve. Ndiye galimoto yanu yakuferani pa masitepe kapena?"

[14:19] Bambo a Kanjuchi: ndimafuna ndikuuzeni bwinobwino titakhala pansi. sindinapeze poyambira

[14:20] Amake Kanjuchi: za ine zisiyeni. ine ndi inu zinatha kalekale, berekani mudzaze flat yonse. ndikunena za uyu wavala diresi yachikasuyu

[14:21] Amake Kanjuchi: tsikani. tulukirani khomo la kumbuyo, muzungulire, mubwere ngati mukuchokera ku stage. ndinena kt mwangofika kumene. tili pamthunzi kuseri kwa golosale

[14:24] Bambo a Kanjuchi: mayi a khandali sakudziwa kt mwabwera. anachita opaleshoni, sali bwino. ndikatuluka pano afunsa. zivuta

[14:24] Amake Kanjuchi: munatuluka kukagula sopo

[14:25] Amake Kanjuchi: nenani kt mwaiwala chenji. mumugwire dzanja, mulandire banzi lakelo, mubwerere. basi

[14:31] Amake Kanjuchi: bambo a Kanjuchi

[14:36] Amake Kanjuchi: ndaona katani ikugwedezeka. ngati mwamuona, mwaona mmene watalikira. akundifika pa phewa

[14:44] Amake Kanjuchi: wandifunsa za matewera. ndamuuza kt munasamuka, mukukhala anthu ena. wangoti ok

[14:50] Amake Kanjuchi: tanyamuka

[15:18] Amake Kanjuchi: pa depoti. benchi yomweija. ngati chikumbumtima chikukuvutani njira mukuidziwa

[15:34] Amake Kanjuchi: adadi ndine Kanjuchi

[15:34] Amake Kanjuchi: amami agona chokhala. ndatenga foni mchikwama

[15:36] Amake Kanjuchi: ndawerenga zonse. ma vn ndamvera pa khutu

[15:37] Amake Kanjuchi: ndinadziwa kale pang'ono. amami akamawerenga msg yanu maso sanali kuyenda. komanso malaya anu a mizere anali pachingwe

[15:39] Amake Kanjuchi: mlatho unali bho. sitima inali bho kwambiri. kasupe ayi

[15:40] Amake Kanjuchi: ndinakhoza masamu kuposa onse, amami anaiwala kukuuzani

[15:42] Amake Kanjuchi: mwanayo ndi mtsikana kapena mnyamata?

[15:43] Amake Kanjuchi: nayenso mumamutchula Kanjuchi?

[15:45] Amake Kanjuchi: musayankhe, aona. ndifufuta mbali ya kuno

[15:45] Amake Kanjuchi: musawauze kt ndikudziwa. atopa

[16:07] Amake Kanjuchi: takwera. ndinagona pang'ono, akanapanda kundidzutsa mwana bus ikanatisiya

[16:09] Amake Kanjuchi: wakhala ku windo, akungoyang'ana panja, kutopa ndi kuyenda. sanadziwe kanthu

[16:11] Amake Kanjuchi: ndamuuza kt galimoto inakuferani kutali, munayesetsa, mwadandaula kwambiri. akadzakufunsani mudzanene zomwezo. musasinthe