Chitenje Chanu Ndinakutira Mpando

Amayi anga,

Kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Ndine Felisiyano wanu, uja munkati pakamwa pake pamafika kumsika miyendo isananyamuke. Kuno tili moyo. Ndiyamba ndi nkhani zabwino, chifukwa inayo ndikaitchula msanga cholembera chindipulumuka m'manja.

Chibwerereni kwathu kuno ku Milange takolola kachitatu tsopano. Munda wanu wa kumtsinje tinaupeza utasanduka nkhalango, mitengo yake yoti munthu n'kusema bwato, koma ine ndinaigwetsa ndekha masiku awiri. Chabwino, alamu anga, amuna awo a achemwali Lusiya, anandithandizako, ndipo inali miyezi iwiri. Chigawo cha kumtunda sitinapondeko, akuti mwina muli mabomba okwirira, ndiye tikudikira anthu ofufuza aja. Chimanga chaka chino chachita moti nkhokwe ikubuula. Nandolo akadali m'munda. Mtengo wanu wa mango nkhondo inaulambalala, nyumba yokha ndi imene inapsa. Mkazi wanga Tereza akupereka moni. Wanenepa. Iye akuti ndi mtendere, ine ndikuti ndi mwamuna wabwino.

Ntchito yanga masiku ano ndi yometa anthu, pansi pa mtengo kuseri kwa msika wa ku vila, tauni yathu ija. Musaseke. Mitu yonse ya Milange yadutsa m'manja mwangamu, ena amachita kuwoloka Ruo kuchokera ku Muloza kuti lumo langa liwakhudze. Vuto linali pokhalira. Ndinkawakhazika pa chitini cha mafuta chimene tinabwera nacho kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo, kutsidya kwa Ruo, moti munthu wamkulu akadzuka ankapita kwawo ndi chidindo kumbuyo.

Kodi mukuukumbukira mpando wa kalaliki wa ku kampani ya tiyi? Uja wozungulira, wa timatayala kunsi, umene munkaimirira patsogolo pake kudikira kuti akulembeni masamba amene mwathyola. Munkatisimbira kuti kalalikiyo amazungulira n'kukupatsani nkhongo inu mukulankhula. Ofesi imene ija lero ilibe denga, m'kati munamera chitedze. Koma mpandowo ndinaupeza kwa mkulu wina wa ku njira ya ku Mongue, nkhuku zikuikira mazira pamenepo. Ndinamusiyira tambala mmodzi, n'kuumangirira pa njinga. Njira yonse anthu ankandipatukira ngati ndanyamula bishopu.

Unali wodwala mpandowo, Amayi. Chikopa chinasuwa, siponji makoswe anamaliza kalekale, panatsala mafupa okhaokha. Ndinauika pakhonde n'kuyamba kuuchiza. Misomali yakale ndinazula ndi pulayala, dzimbiri ndinakwecha ndi mchenga, m'chitsulo chozungulira ndinadonthezera mafuta a njinga mpaka chinasiya kulira ngati mbuzi yomangidwa. Pansi ndinakoka malamba odula ku chubu cha galimoto, kuwapingasa ngati ndikuluka mphasa. Pamwamba pake ndinayala makoko a chimanga ong'amba bwino, kenako bulangeti lotuwa lija la ku kampu, lopinda kanayi. Nditakhalapo ndinamva ngati ndakhala pa mtambo. Chinatsala ndi nsalu yokutira pamwamba basi. Chiguduli chimayabwa, lona wa matenti amatentha ndi dzuwa.

Nkhani yondilemera ija yayambira apa.

Mutamwalira ku kampu kuja, azakhali pogawa katundu wanu anapatsa Lusiya chitenje chanu cha nkhanga, chimene munkavala popita ku tchalitchi. Zina zonse zinatha, zina zinasinthidwa ndi mchere. Chanu chimene chinawoloka Ruo ndi chokhacho. Popeza nyumba ya Lusiya ikudontha, iye anachisungitsa m'bokosi langa lachitsulo. Sindinama kuti sindinkadziwa mwini wake. Ndinkadziwa. Koma nditachitambasula maganizo anandibwerera, ndipo ndinawaona ngati anzeru kwambiri. Ndinati, amayi anga anaimirira zaka zonse zija patsogolo pa mpando uwu, lero akhalepo. Kalaliki akhale iwowo.

Tereza atandiona ndi sizasi anati, "Kodi mwawafunsa achemwali anu?"

Ine ndinati, "Mwini mbumba amafunsa ndani?"

Anangoti, "Kaya," n'kupita kukatunga madzi. Inu mukanakhalapo mukanandikumbutsa kuti safunsa anadya phula, ndipo mukanakumbutsa ndi chikho pamutu panga monga munkachitira. Ndinadula zidutswa ziwiri, china cha pokhalira, china cha potsamira. Ndinakoka bwinobwino kuti pasakhale khwinya, ngodya ndinapinda ngati envulopu, n'kukhomera kunsi ndi timisomali tozula ku bokosi lakale la tiyi. Nkhanga zonse zinayang'ana kumwamba. Zotsalira m'mbali ndinkapukutira lumo. Pepani, ndalemba chifukwa ndi zoona.

Sabata imodzi ndinali mfumu ya ometa. Anthu a dazi ankabwera kudzameta mphepo kuti angozungulirako kamodzi. Asilikali otuluka m'tchire, aphunzitsi, ogulitsa njinga, onse pamzere. Mnzanga wometa kutsidya kwa msewu anatsala ndi ntchentche.

Loweruka lake kunabwera Lusiya ndi dengu la tomato pamutu, ali ndi pakati potopa kale. Pampandopo panali bambo wina wogulitsa nsomba zouma, buluku lake likununkha katundu wake, akudzizunguza ngati mwana, tsitsi lili mbwee paliponse. Lusiya anatula dengu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Feli, ndi amayi awo wawayala pamenepo?"

Ine, ndi pakamwa panga paja, ndinati, "Akwezedwa pantchito, achemwali. Ndi akalaliki tsopano."

Palibe anaseka, ngakhale wa nsomba uja. Anadzuka atametedwa mbali imodzi n'kukaima patali. Lusiya anagwada movutikira, mimba ikumuletsa, n'kuyamba kutola tsitsi la munthu wachilendo pa chitenje chanu, limodzilimodzi, ndi zala. Ndinkafuna andilalatire, andigende ndi tomato, msika wonse umve. Ayi. Atatha anasenza dengu lake n'kuti, "Zikomo bambo, gwirani ntchito." Chibadwire changa Lusiya sananditchulepo bambo. Ndine iwe Feli, ndine mbuzi, ndine wailesi yosathima. Kuchokera tsiku limenelo tikakumana panjira amandipatukira n'kugwadira pang'ono ngati ndine mlendo wa boma. Ulemu umenewu ukundipweteka kuposa chikoti.

Patapita masiku atatu alamu anabwera kunyumba. Anakana mpando, anakhala pa mtondo wogona. Ndi iwo anandiuza zimene sindinkadziwa. Tsiku limene munkatsirizika ine kunalibe. Ndinali ku Limbe kosenza matumba, ndinafika manda atawumbidwa kale, ndipo ndakhala ndikuuza anthu kuti basi inafera panjira. Inu mukudziwa tsopano kuti uthenga unandipeza msanga, ndinangoti amayi ndi chitsulo, adikira ndimalize sabata. Alamu akuti madzulo a tsiku limenelo munagwira Lusiya dzanja n'kumuuza kuti mwana woyamba kudzabadwira kwathu nkhondo ikadzatha adzamuberekere m'chitenje chimenecho, kuti nanunso mudzafike kwanu ngakhale pamsana pa munthu. Ana ake awiri aja, amene anamwalira ku kampu, agona pafupi ndi inu komweko, mukuwaona. Wa m'mimbayu ndiye ankamudikira, ndipo chitenjecho ankabwera kudzachisuzumira m'bokosi ine ndili kumsika.

Ndinati, "Alamu, bwanji sanandiuze?"

Iwo anati, "Kodi inu mumasiya mpata woti munthu akuuzeni kanthu?"

Lembani penapake, Amayi, tsiku limenelo Felisiyano anasowa mawu.

Mpando ndinaubweza kunyumba tsiku lomwelo. Timisomali tija ndinakhoma ndikuimba mluzu, pozula ndinazula kukamwa kuli gwa, pang'onopang'ono kuti nsalu isang'ambike. Inang'ambikabe m'malo atatu. Tereza anachapa katatu, n'kulumikiza zidutswa ziwirizo ndi ulusi wakuda. Msoko wadutsa pakati pa nkhanga ina, mutu uku thupi uko. M'mphepete monse muli timabowo ta dzimbiri. Ndinachipinda n'kuchibweza m'bokosi, chifukwa mtima woti ndipite nacho ndinalibe. Ine amene ndimauza anthu kuti ndinathamangitsa njati ndi khasu ndinaopa kuyenda mtunda woti fodya mmodzi sangathe.

Tsopano imvani nkhani imene ndikanayamba nayo ndikanakhala mwana wolongosoka. Muli ndi mdzukulu, Amayi. Wamkazi. Anabadwa sabata yatha, Lachiwiri, kuno kwathu, pa dothi lanu. Ine malume ake ndinamva kwa munthu amene ndinkamumeta, atakhala pa chitini chija. Anati, "Mwasangalalatu, mlongo wanu wachira." Lumo linatsala pang'ono kumuchotsa khutu. Mudzi wonse unadziwa, mpaka agalu, koma kwa ine sanatumeko munthu.

Dzulo, mwana atatuluka m'chikuta, ndinapita. Ndinatenga nkhuku ndi chitenje chija. Ndinaodira pabwalo ngati mkamwini watsopano. Lusiya anatuluka atafungata mwana m'nsalu ya mnansi, yobwereka. Ndinagwada, ndinapereka chitenjecho ndi manja awiri. Anapatsira mwana kwa amuna ake, anatambasula chitenjecho, anachinunkhiza, kenako anachiponya kumsana kuti ayese kumanga. Nsonga zake sizinakumane pachifuwa. Anakokanso. Panatsala mpata wa chikhatho chimodzi.

"Sichibereka mwana ichi," anatero.

Ndinati, "Ndikagula china ku Muloza, cha nkhanga zonenepa kuposa izi, tidzalumikize."

"Amayi anavalapo cha ku Mulozacho?"

Ndinayang'ana pansi. Iye anachipinda kanayi, anachiyala pamphasa, n'kugoneka mwana pamenepo. Ndinangoona timapazi ndi tsitsi, lambiri, lakuda bii, mutu wabwino kuposa yonse imene ndametapo. Nditatambasula manja kuti ndimunyamule, Lusiya anatchinga ndi mkono.

"Ine sindinalakwiridwe, bambo. Mwini chitenje alipo. Chiikireni maliro simunapiteko kumanda. Pitani mukawauze nokha zimene mwachita, pakamwa si muli napo?"

Ndinadzuka. Nditafika pa nkhokwe anandiitana, osandiyang'ana, akukonza kansalu kumutu kwa mwana.

"Dzina alibe. Likudikira malume ake abwereko kutsidya."

Ndiye mukuona, Amayi, mdzukulu wanu akugona wopanda dzina chifukwa cha ine. Anthu akungomutchula kuti mwana. Ndalemba kalatayi chifukwa ndikudzidziwa. Ndikakaima pamanda panu chimanjamanja ndikayamba nthabwala, ndikakusimbirani za njati ndi za bishopu, n'kubwerako osanena kanthu. Papepala sindingathawe. Ndikawerenga monga ndalembera, ndi za ku Limbe zomwe.

Anthu akuti malo a kampu aja eni ake analimamo, misasa yonse inagwetsedwa. Ndikuopa kuti sindikapazindikira pamene mwagona. Alamu akuti ndikafunefune mtengo wa mkuyu, ndipo avomera kundiperekeza, ati kuti ndisakalire pa manda a munthu wina n'kumusokoneza ndi nkhani za mpando. Mpandowo uli pakhonde ndi bulangeti lokha. Nkhuku za Tereza zayamba kuuyendera.

Ndinakulakwirani, Amayi. Ndinkafuna kukukwezani, koma ndinakukhazikirani anthu. Ngati kumeneko amalola kuyenda m'maloto, mukamuyendere Lusiya mumuuze kuti mbuzi yake ija ndi mbuzi basi, anditchule iwe. Ine ndinyamuka Lachisanu m'mawa, nandolo adikire. Ndibwera ndi khasu lolambulira pamanda panu ndi pa ana aja, ndipo sindiwolokanso Ruo ndisanakupezeni.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa paja,

Felisiyano