Nkhope ya Pazenera Ikudikira Maso

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kutaliko. Ife tilipo, kungoti lero ndi tsiku la 41 chitsekeredwe m'nyumba ndi mliriwu.

M'chipinda cha pamwamba pathu mumakhala amayi ojambula. Amatsitsa dengu pa chingwe, ife n'kuikamo zithunzi za abale amene tawasowa, iwo n'kuwajambula pa pepala lopyapyala loti timate pazenera. Dzuwa likawomba, nkhopezo zimaoneka ngati zikuyandama, msewu wonse ngati kwabwera alendo. Ndawerenga nkhope 27. Amoyo amawajambula maso otsegula, otisiya maso otseka.

Pa 3 Juni ndinaikamo chithunzi cha bambo a kunyumba, amene ali m'chipatala kuyambira pa 28 Meyi. Amayiwo anafuula ali pamwamba, "Aneba, mphuno ya amunanuyi yandithera penti! Nanga maso ndiwatani?" Ndinaseka, n'kuwauza kuti ayambe adikira.

Pepalalo ndinalimata choncho lopanda maso, ndipo kuwala kumalowera pamalo pa maso. Dzulo achipatala anaimba foni, ine ndinangoiyang'ana mpaka inasiya kulira. M'mawa uno dengu latsikanso kudzatenga pepalalo kuti amayiwo alimalize. Pepalalo likadali pazenera, dengulo likungozungulira pa chingwe.

Muzitikumbukira m'mapemphero.

Ndine mwana wa achimwene anu.