Za a Chete a m'gulu lathu la mabuku

Achemwali anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga Amayi, chifuwa chija chinawasiya, kapena akungobisa monga amachitira? Alamu ndi ana ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndinadziwotcha ndi simbi padzanja sabata yatha. Bala lake ndi laling'ono ndipo lauma kale, musawauze Amayi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Nkhani ndili nayoyi ndi yaitali, ndipo netiweki yakwanuko imakonda kuduka pamene nkhani yafika pokoma.

Ntchito ikuyenda. Chipinda chathu chochapira chili pansi pa hotela, chopanda zenera, moti mvula ikagwa timangomvera kwa operekera zakudya akatsika ndi nsalu za patebulo. Makina aakulu aja anawonongekanso, ndiye masiku ano mashiti a pabedi tikusita pamanja. Kunyumba nako mpopi wayamba kudontha, ndipo alandilodi amangoti mawa, mawa. Ndatchera ndowa.

Mukukumbukira nditakuuzani kuti ndalowa gulu la pa intaneti lowerenga mabuku, inu n'kundiseka kuti ndasowa chochita? Anandilowetsamo ndi mtsikana wa ku resepishoni, atandipeza ndikuwerenga buku lomwe mlendo wina anasiya m'chipinda osalibwereranso. Mtsikanayo anatuluka kale m'gulumo, ine ndinakakamira. Timawerenga mabuku akalekale ofufuza milandu, aja oti munthu wapezeka atafa, m'nyumba muli anthu angapo, aliyense ali ndi chobisa, ndipo iwe wowerenga ukulimbana kuti upeze wakupha wofufuzayo asanamutchule. Buku ndi limodzi pa mwezi. M'kati mwa sabata timalemberana maganizo, ndipo Lamlungu masana timaimbirana tonse pamodzi n'kumakangana.

Sitinaonanepo maso ndi maso, poti ena ali m'mizinda ina, ena kunja. Timangoitanana maina a ntchito kapena oseketsa. Ine amanditchula Asimbi. Woyendetsa gulu ndi Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito amene amakuyankha ngati akuchonga mayeso. Pali Anesi, mayi wosabisa mawu, yemwe amayamba ndi kuwerenga tsamba lomaliza n'kumakana kuti sanatero. Palinso ena angapo. Ndiye pali a Chete, amene ndi mutu wa kalatayi.

Buku la mwezi watha linali la mwini fakitale ya sopo yemwe anapezeka atafa m'chipinda chokhoma, kiyi ali m'kati, mazenera ali ndi zitsulo. Wofufuza wake sanali wapolisi ayi, anali dokotala wa ziweto amene anabwera kudzaona hatchi yodwala. Aphunzitsi anati ili ndilo buku, chifukwa wolemba anaika zizindikiro zonse poyera, ife ndife tinali akhungu. Anesi anati bodza, poizoni wotereyo sapha munthu mwakachetechete, anthu apafupi akanamva. Ine changa chinali china. Ndinafunsa kuti antchito a m'nyumba m'mabuku amenewa bwanji amangolowa kudzakuwa ndi kugwetsa thireyi? Nanga mashiti a malemuwo anachapa ndani, ndipo bwanji palibe anamufunsa zomwe anaona? Anandiseka kuti ndabweretsa ntchito m'buku.

A Chete sanayankhulepo pa foni chilowereni. Lamlungu amalowa nawo, dzina lawo limaoneka, koma pakamwa zii. Uthenga wa mawu satumiza, ndipo pamalo pa chithunzi chawo pali chithunzi cha chitseko. Koma kulemba kokha, Achemwali, amalemba zoti umawerenga kawiri. Pa buku limeneli anafotokoza mmene loko wa chipinda chija akanatsekedwera munthu ali kunja, mpaka kujambula kachithunzi. Kenako analemba kuti iwo wakupha sanawakhudze kwenikweni. Anawakhudza ndi wosamalira maluwa, amene buku lonse anthu ankamukayikira chifukwa choti sankayankhulayankhula, ndipo chilungamo chitadziwika panalibe ndi mmodzi yemwe anapita kukamupepesa. Ine ndinali ndisanaganizeko zimenezo. Ndinabwerera m'buku kukafufuza, ndipo zinalidi choncho, munthuyo anangozimirira m'nkhani ngati utsi.

Vuto linabwera chonchi. Munthu wina analowa m'gulu ndi chithunzi cha mayi wooneka waulemu, nayamba kulembera anthu kumbali kupempha ndalama za mwana wodwala. Anesi anamufunsa mafunso awiri a zachipatala, munthu uja n'kuthawa, ndipo zinadziwika kuti chithunzicho chinali chakuba. Aphunzitsi anakwiya naika lamulo loti aliyense azimveka mawu Lamlungu, wokana achotsedwe. Onse anavomera. A Chete anangolemba kuti amva.

Lamlungu linafika, sanayankhule. Apa ndiye anthu owerenga mabuku ofufuza anapeza mlandu weniweni wogwira. Wina anati ndi mwana wasukulu akuopa kuti mawu amuulula. Wina anati ndi mkazi wa mmodzi wa ife akulondalonda mwamuna wake. Aphunzitsi anati munthu wodziwa maloko chotere, wobisa nkhope ndi mawu, sangakhale wina koma wothyola nyumba, ndipo mwina akungophunzira nthawi yomwe timakhala kuntchito. Ndisaname, nanenso ndinachita mantha, poti ndinalembapo m'gulu kuti ndimakhala ndekha. Anagwirizana zowapatsa Lamlungu limodzi lomaliza.

Koma ine chidwi chinandikulira kuposa mantha. Ndinkadzifunsa kuti wakuba angamvere chisoni wosamalira maluwa wa m'buku? Ndinawalembera kumbali, n'kuwafunsa mosapita m'mbali chifukwa chake sayankhula. Anayankha kuti ndi nkhani yovuta kulemba, koma ngati ndili mumzinda womwe uno, monga ankaganizira poona zomwe ndimalemba za mvula ndi za mabasi, ndikhoza kupita kukaona ndekha kuntchito kwawo. Anatchula msewu wa masitolo a zitsulo, kuseri kwa depoti ya mabasi.

Ndikudziwa zomwe mukunena pano powerenga. Musade nkhawa, sindinapite ngati nkhuku yopita kumpeni. Ndinasankha tsiku langa lopuma, dzuwa lili pamutu, ndinauza Anesi komwe ndikupita, ndipo ndinavala nsapato zothamangira.

Ndinayamba ndaima patsidya pa msewu, pafupi ndi wogulitsa maambulera, n'kumayang'ana. Kanali kashopu kopapatiza pakati pa sitolo ya utoto ndi ya mapaipi, kokwana munthu mmodzi ndi mpando. Kukhoma kunali makiyi osadula ali ndandanda pamisomali, ndipo patebulo panali kamakina kodulira makiyi. Mwini wake anali bambo wamtali, wa imvi za apo ndi apo, atavala ovolosi yotuwa ndi magalasi omangirira chingwe. Mayi wina anabwera ndi loko wa geti. Bamboyo anamumvetsera, anagwedeza mutu, analemba kanthu pakapepala n'kumuonetsa. Pashelefu, pakati pa mabokosi a maloko, ndinaona buku lathu la mwezi uno, chikuto chake chitada ndi girisi. Ndinawoloka msewu.

Nditanena kuti ndine Asimbi, anaimirira msanga mpaka kugwetsa bokosi la makiyi. Anatsegula pakamwa kuti andipatse moni, koma mawu anakana. Milomo inkanjenjemera, mitsempha ya pakhosi inatuluka, maso anatsinzina, dzanja likumenya pantchafu. Ndinayamba kuganiza kuti akudwala. Kenako moni uja anatuluka, wodukaduka koma wathunthu. A Chete ali ndi chibwibwi, Achemwali, chachikulu chomwe sindinachimvepo kwa munthu wina aliyense.

Anandipatsa mpando wawo umodziwo, iwo n'kukhala pa bokosi. Anatenga foni kuti azilemba, koma ndinati ndabwera kudzamva, ndipo sindikuthamangira kulikonse. Tinacheza mpaka mthunzi unafika pakhomo la shopu. Anandiuza kuti ali kusukulu aphunzitsi ankawadumpha pa nthawi yowerenga mokweza, ndiye anazolowera kuwerenga okha. Anasankha ntchito ya maloko chifukwa loko safuna kuyankhulidwa. Akazi awo, amene ankawayankhira mafoni onse, anamwalira zaka zapitazo, ndipo mwana wawo wamkazi ali pabanja kutali. Anati pamaso ndi pamaso amayesako, koma foni ndiyo mdani wawo, chifukwa ukakakamira pa liwu winayo amaganiza kuti yaduka n'kuyamba kukuwa kuti halo, halo.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi, ndipo ndikulemba monga ananenera, kungochotsa kudukaduka kwake: "M'gulu muja ndi malo oyamba pomwe anthu amanditsutsa. Kwina konse amangondimvera chisoni."

Ndinawafunsa ngati ndikauze gulu. Anakana, nati ngati anthu akufuna mawu awo, akawamve kwa mwini wake. Ine ndinangolemba m'gulu kuti ndawaona, ndi munthu weniweni, wodula makiyi, ndipo sanandibe. Anesi anandilembera kumbali kufunsa ngati ali ooneka bwino.

Lamlungu tinaimbirana monga mwa nthawi zonse. Buku la mwezi uno ndi la mlembi wa pa sitima yapamadzi amene anasowa sitimayo ili pakati pa nyanja, ndipo tinali tisanalimalize, aliyense ankatchula yemwe akumukayikira. Aphunzitsi ataitana dzina la a Chete, kunangoti zii. Kenako tinamva kupuma, ndi liwu limodzi likubwerezedwa osatha. Aphunzitsi anayamba kuwamalizira mawu, koma Anesi anawadula.

"Aphunzitsi, dikirani. Munthu akuyankhula."

Tinadikira. A Chete ananena dzina lawo lenileni, ntchito yawo, ndipo anati iwo akukayikira wophika wa m'sitimayo. Amene anayamba kuyankha ndi Aphunzitsi omwewo. Anatsokomola, anapepesa chifukwa cha mawu aja a wothyola nyumba, kenako anati koma za wophikazo a Chete alakwitsa kotheratu, wophika anali kukhitchini nthawi yonseyo, awerengenso mutu wachitatu. Mkangano unabuka pomwepo, ndipo ndinamva a Chete akuseka. Kuseka kokha sachita nako chibwibwi. Tamaliza bukulo tsopano, ndipo wophikayo analibe mlandu.

Kuyambira pamenepo, pa tsiku langa lopuma ndimadzera kushopu kuja. Timasinthana mabuku, timamwa tiyi wa m'fulasiki yawo, ndipo akabwera kasitomala wofulumira ndimathandiza kuyankha. Mukudziwa mmene banja langa linathera, ndi munthu amene pakamwa pake pankatuluka uchi. Mwina n'chifukwa chake ndikudabwa ndi mtima wangawu. Munthu amene liwu lililonse amalivutikira sataya mawu pachabe, ndipo ndaona kuti ndikamachoka kumeneko ndimakumbukira zonse zomwe wanena. Sindikudziwa komwe zikupita, ndipo sindikufuna kuthamanga. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano pempho langa. A Chete anena kuti sakufuna kumacheza nane ngati munthu wopanda kwawo, akufuna kupereka moni kwa abale anga. Ndinati alembe uthenga, koma akana, akuti kwa akulu anga ayankhula ndi pakamwa, ngakhale pa foni pomwe amapaopa. Ndiye Loweruka loyamba mwezi ukubwerawu, chakumasana, ndidzakuimbirani ndili kushopu kwawo. Mudzakwere pachulu paja pomwe netiweki imagwira, ndipo ana mudzawatume kwina.

Mukadzamva zii, foni siinaduke, musadzanene halo. Musadzawamalizire mawu ngakhale mutadziwa chomwe akufuna kunena. Alamu muwauziretu kuti nthabwala zawo adzasunge kaye. Moni yekha akhoza kudzatenga nthawi yomwe inu mumafotokozera nkhani ya maliro ndi ya ukwati pamodzi, koma mudzadikire mpaka afike kumapeto. Pambuyo pake mudzandiuze zoona zokhazokha za mmene mwawamvera, poti inu simunandinamizepo, ngakhale pamene ndinkafuna kunamizidwa. Amayi musawauze kaye, ndidzawauza ndekha ndikamva kwa inu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi yawo ndaipeza ndipo ndi ya mtundu womwe ankafuna. Moni kwa alamu, kwa Amalume ndi Azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse kuyambira wamkulu mpaka wakumsana. Mwendowo muziwuika pamwamba mukakhala pansi, osamangoyendayenda.

Tsalani bwino, Achemwali. Ndakusowani.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa Amayi