Wotsuka Mathireyi

Lachiwiri, 9 Epulo 2024
Ndili ku Biriwiri, kumsewu sindinatulukebe. Zaka zonsezi ku Joni, kubwera ndi jumbo imodzi. Anatigwira opanda mapepala, n'kutibweza. Apongozi andilonjera bwino, koma maso ali pa nsapato zanga.

Lachinayi, 11 Epulo
Kuseri kwa nyumba kuli shedi ya neti. Mathireyi mizeremizere: tomato, kabichi, anyezi. Mkazi wanga, mayi a Cathy, akugulitsa mbande. Ogula mpaka ochokera ku Kandeu, pa njinga zamoto. Kale aliyense ankafesa yekha kudimba, pano ati kumeneko n'kutaya mbewu. Ndawafunsa mayi a Cathy kumene anaphunzira. Akuti m'mavidiyo amene ndinkatumiza. Ine kudzijambula pafamu nditavala jekete yobwereka ya kapitawo, iwo kuyang'ana za kumbuyo kwanga. Chakudya chandikanika.

Lamulungu, 14 Epulo
Kutchalitchi. Lazarus, mnzanga wa ku pulayimale, pondionetsa kwa mlendo: "Awa ndi amuna awo a mayi a mbande." Dzina langa osatchula. Ndinaseka nawo. Sopo ndasambira, malaya ndavalawa, zonse n'za mbande.

Loweruka, 20 Epulo
Mbande zikufa. Kuwola patsinde, kugwa ngati wina wazitsina. Mayi a Cathy sakudya. Alimi analima kale madimba, akudikira.
Vuto ndikulidziwa. Mathireyi akale akufesamo osatsuka, madzinso akuchuluka. Ndikudziwa chifukwa ntchito yanga inali yomweyo: kutsuka mathireyi m'madzi a jiki tsiku lonse, manja kusupuka. Ukapitawo sindinaugwireko. Ndikanena, bodza langa la ukapitawo liululika. Thireyi ina yatha lero ine ndikuyang'ana.

Lolemba, 22 Epulo
Ndanena. Ndinayambira kutali, ati ndinkaona anyamata anga akuchita. Pakati mawu anandithera, ndinangonena zoona. Mayi a Cathy anati: "Bambo a Cathy, ndiye mumadikira kuti zife zingati?"
Za ukapitawo sanafunse n'komwe. Bola akanakalipa.

Lachitatu, 24 Epulo
Kutsuka mathireyi pafupi ndi mjigo, poyera, amayi otunga madzi akuonerera. Wina ati a ku Joni ayamba kutsuka mbale. Kuseka. Mbande zambiri tataya. Mayi wina wamasiye wabwerera chimanjamanja, dimba lake lili mbee. Ndikanayankhula msanga akanabzala. Ndinabisala m'shedi mpaka anapita.

Lachisanu, 10 Meyi
Zofesa zatsopano zamera, palibe yagwa. M'mawa ndinakhala ndikuziyang'ana. Mtima unakhala pansi pang'ono, kenako manyazi omwe aja.
Masana Lazarus. Akuti akupita ku Joni Lolemba, galimoto inyamukira pa boma, malo anga alipo. Ati mwamuna sangakalambire m'shedi ya mkazi, pamudzi pa eni ake. Sindinakane.
Madzulo mayi a Cathy abwera ndi atsikana awiri. Akufuna kumanga shedi yachiwiri, ine ndiwaphunzitse kutsuka ndi kuthirira. Andifunsa pamaso pawo ngati Lolemba ndidzakhalapo. Sindikudziwa ngati amva kale. Ndinati jiki watha, Lolemba ndikagula pa boma. Sanandiyang'ane.
"Mukagule wamkulu. Atsikanawa akudikirani."
Chikwama sindinalongedze. Koma Lazarus sindinamuuzenso kuti sindipita.