Ba Whyson, mwandisiyira manja awiri

WHYSON TEMBO, anatisiya mu 1992

Zaka zinayi zakwana lero chichokereni inu pakhomo pano mu komboni ya Mtendere. Ana ati ndiike mawu ofewa pansi pa chithunzi chanu. Ofewa ndilibe. Mumandidziwa.

Kalabu ya mutauni itachepetsa antchito, anzanu anabwerera kwawo ndi mabulangete ndi mapoto. Inu munabwera ndi makhadi akutha ndi masewera a briji, amene munawaba ndi maso popereka mowa kwa mabwana. Briji imafuna anthu anayi, awiriawiri. Munapeza anansi athu ba Cephas ndi ba Mukupa, wachinayi anasowa, ndiye munandichotsa ine pa tomato wanga kuti ndikhale mnzanu. Ine pamsika mtengo ndimayambira pamwamba, wogula alire, kenako nditsike. Tsiku loyamba, polonjeza zimene tipambane, ndinatchula masipedi asanu ndi limodzi, pafupifupi pamwamba penipeni, ndili ndi zinyalala m'manja, poganiza kuti titsitsana. Ba Mukupa anaseka mpaka kugwa pabenchi. Inu munandiuza, ndi ulemu wanu wotopetsa uja, kuti kuno kutchula kumangokwera, ndipo chimene watchula uyenera kuchikwanitsa.

Ndinaphunzira. Kutulutsa msanga matrampu a adani, makhadi aja odula ena onse. Kuponya yaing'ono ukakhala wachiwiri, yaikulu ukakhala wachitatu. Koma inu aphunzitsi, mantha! Maeyisi atatu m'manja, makhadi aakulu kuposa onse, inu mungoti pasi, ena atchule. Eyisi munkaisunga ngati nkhuku ya Khirisimasi mpaka ba Cephas aidule ndi katrampu. Ndikakupondani phazi pansi pa tebulo munkati kumeneko n'kuba.

Lamulo lanu lalikulu linali lakuti mnzako usamubisire zimene wagwira. Nanga chifuwa chija munandibisiranji? Miyezi yonse ija munkati ndi fumbi la mumsewu. Ndipo mng'ono wanu Moven atayamba kulalikira kwa abale kuti nyumba ino yasanduka ya njuga, kuti ndine ndakuonongani, ndinakuuzani: aitaneni, muwauze pamaso kuti patebulo paja sipanagwepo ngakhale ngwee, kuti nyumba ndi ya ana. Munati nthawi ilipo. Pamaliro anu Moven ananyamula tebulo, mipando, wailesi, makhadi n'kuwaponya pambaula anthu ali pakati poimba. Tsopano unga wa nsima wakwera mtengo, Moven njala yamugwira, wapeza munthu wa ku Lilanda woti agule nyumba. Akuti abwera naye Loweruka kudzaona zipinda.

Mu briji mmodzi amayala makhadi ake poyera n'kukhala chete, mnzake asewere yekha manja onse awiri. Mpando umenewo munkaukonda. Mwaupeza wosatha.

Mwana wanu Norah amatuluka panja akamva munthu akutsokomola. Oliver anasiya sukulu, akuitanira maminibasi a mutauni. Lillian nkhope yanu saikumbuka, amangodziwa chithunzi chimenechi. Ba Cephas akamadutsa amavula chipewa, koma kulowa salowa.

Mumve tsono kumene muliko. Ndagula makhadi ena. Norah ndamuphunzitsa, amatchula mopanda mantha ngati ine, matrampu amawerenga ngati inu. Loweruka tiyala chitenje pachitseko penipeni, ba Mukupa ndi akazi awo avomera kukhala adani athu. Mtendere yense aone njuga yathuyo masana. Wa ku Lilandayo akafuna zipinda adumphe mutu wanga, ndipo Moven akatsegula pakamwa ayankhe kaye za tebulo, anthu akumva. Ntchito imeneyi inali yanu, ba Whyson. Ndikugwirirani, koma musayese kuti ndakondwa.

Kukukhululukirani sindinathe. Kukuiwalani ndayesapo, zakanika, ndipo sizidzatheka.

Ine mkazi wanu Mainess, ndi ana anu Norah, Oliver ndi Lillian.